Mukufuna husky wosakaniza ndi poodle? Nayi ntchito imene mukugula

Vuto ndinalipala ndekha tsiku lomwe ndinaika chithunzi cha galu wanga Matalala pa status ya WhatsApp. Diso limodzi labuluu lina lofiirira, ubweya wotuwa wopotanapotana ngati wa nkhosa, atakhala pakhonde ngati bwana akudikira tiyi. Kuyambira tsiku limenelo mauthenga sakutha, ena a kuno ku Johannesburg komwe ndimakhala, ena a ku Lilongwe, msuweni wanga wa ku Leeds naye akuti ana amusowetsa mtendere akufuna wotereyu. Funso ndi limodzi basi, "timupeza kuti?" Palibe olo mmodzi anafunsapo kuti kodi kasamalidwe kake nkotani. Nde ndati ndilembe kamodzi, wina akafunsanso ndizingomutumizira izi.

Matalala sindinagule. Anagula ndi mnzanga wa kuntchito ali kamwana, ndalama zambiri ndithu, koma patangotha miyezi 5 sofa itang'ambidwa, pa kapinga patakumbidwa maenje ngati munthu akufuna kudzala nthochi, aneba akudandaula tsiku ndi tsiku, anabwera kudzandichonderera kuti ndimutenge ulere. Pano ndakhala naye zaka 4. Ndimamukonda zedi, koma ndinama ndikati ndi galu wophweka.

Dziwani kaye makolo ake

Pa intaneti mumupeza ndi maina angapo, huskydoodle, siberpoo, poosky, huskypoo, onsewo ndi galu mmodzi yemweyo, kholo lina Siberian husky lina poodle. Si mtundu womwe mabungwe olembetsa agalu ngati American Kennel Club kapena Kennel Club ya ku Britain amauzindikira, nde munthu akamakuuzani kuti wake ndi huskydoodle "wa mapepala" dziwani kuti akufuna akudyereni. Mapepala a mtundu angakhale a mayi ndi a bambo, osati a mwanayo.

Husky anachokera kwa anthu a mtundu wa Chukchi, kumpoto chakum'mawa kwa Siberia, ntchito yake inali kukoka tingolo totsetsereka pa chipale chofewa mtunda wautali atangodya pang'ono. Anafika ku Alaska cha m'ma 1908 kukachita mipikisano. Mu 1925 m'tauni ya Nome ku Alaska komweko munagwa matenda a diphtheria aja amatseka ana pakhosi, nyanja itaundana, ndege zosatheka kuuluka ndi kuzizira, nde mankhwala ananyamulidwa ndi magulu a agalu molandizana, mtunda wopitirira makilomita 1,000 m'masiku asanu ndi theka. Balto, galu amene anamaliza ulendowo, ali ndi chipilala chake ku Central Park ku New York mpaka lero, koma amene anathamanga chigawo chachitali komanso choopsa ndi Togo, galu wa Leonhard Seppala, ali ndi zaka 12. Tangoganizani, nkhalamba ya zaka 12 kuthamanga makilomita mazanamazana m'chisanu, inu mukuti mdzukulu wake akhutira ndi kayadi koti galimoto imodzi ikalowa kadzadza?

Poodle naye anthu amamupeputsa chifukwa cha kametedwe kake ka pa TV kaja, koma poyamba anali galu wa alenje, wolowa m'madzi kukatola abakha owomberedwa. Dzinalo ndi lochokera ku Chijeremani ngakhale a ku France anamutenga ngati wawo. Ndipo mutu wake umagwira koopsa. Stanley Coren, pulofesa wa ku Canada, atasanja mitundu ya agalu mu 1994 potengera kugwira msanga zophunzitsidwa, poodle anali nambala 2, womuposa anali border collie yekha. Husky anali kutali, chapakati, osati kuti ndi mbuli ayi, amamva bwinobwino zomwe mukunena koma amayamba waganiza kaye ngati iye apindulapo.

Nde phatikizani zimenezo: miyendo yosatopa, nzeru zotsegula zitseko, mtima wosafuna kulamulidwa. Matalala anadziphunzitsa yekha kudumphira chogwirira cha chitseko cha kukhitchini, sabata yomweyo anatsegula filiji nkudya ndiwo za masiku atatu, mpaka pano filiji yanga ili ndi loko ya ana ngakhale m'nyumba mulibe mwana.

Ndipo simungadziwiretu kuti atengera ndani. Ana a mimba imodzi, wina amatuluka ndi ubweya wa poodle makutu akugwa, wina husky weniweni makutu ali njo, wina pakatikati. Ogulitsa amalemba F1, kutanthauza husky weniweni ndi poodle weniweni, kapena F1b, kutanthauza kuti huskydoodle wabwezeredwanso kwa kholo limodzi, nthawi zambiri poodle, nde ubweya umapotana kwambiri. Kukula kwake kumatengera poodle yemwe anagwiritsa ntchito. Akakhala wamkulu uja amati standard, yembekezerani galu wa makilogalamu 20 kupita m'mwamba, wanga ali ndi 24. Akakhala miniature amachepako, komabe funsani muone makolo onse.

Ina yomwe amanamiza nayo anthu ndi yoti galuyu sathothoka ubweya komanso sayambitsa chifuwa kapena kuyetsemula. Bodza. Zomwe zimadwalitsa anthu zili m'malovu ndi m'timfundu ta pakhungu, osati mu ubweya wokha, nde palibe galu amene tinganene kuti ndi wotetezeka kwa aliyense. Olo Wally Conron wa ku Australia, amene anayambitsa fashoni yonseyi mu 1989 posakaniza labrador ndi poodle kuti apezere mayi wina wosaona galu womutsogolera yemwe sangadwalitse mwamuna wake, anadzanena yekha poyera kuti amanong'oneza bondo ataona momwe anthu ofuna ndalama akusakanizira agalu mwachisawawa. Ngati kwanu kuli wa mphumu, mupite naye akakhale ndi galuyo maola angapo musanalipire.

Pogula

Musatumize dipoziti kwa munthu wa pa Facebook amene akuti kagaluko kali kutali akatumiza pa ndege. Ambiri aliramo ndi zimenezo. Pitani nokha, mukaone mayi ake akuyamwitsa kapena akusewera ndi anawo, muone pomwe amagona, mununkhize malowo. Akakana kuti muone mayi, akakuuzani kuti mukumane pa filing'i siteshoni, bwererani. Kagalu kasachoke kwa mayi ake kasanakwane masabata 8, chifukwa nthawi imeneyo ndi yomwe kamaphunzira kwa abale ake kuti kuluma kumapweteka. Pakhale khadi ya katemera yodindidwa ndi a vetenale, ndipo funsani ngati makolo anayezedwa chiuno ndi maso, mitundu iwiri yonseyi ili ndi mavuto amenewo m'magazi. Inu a ku England lamulo linakuthandizani kale, kuyambira April 2020 kagalu kosakwana miyezi 6 mumayenera kugula kwa woweta mwini wake kapena kutenga ku malo osungira agalu osowa pokhala, osati kwa mavenda apakati, ndipo kachipangizo ka microchip, koika pansi pa khungu kozindikiritsa mwini galu, ndi lamulo kuyambira 2016. Kuno ku South Africa yambani mwazungulira ku SPCA, bungwe loteteza zinyama, agalu a magazi a husky otayidwa ndi eni ake amapezekako, pa zifukwa zomwezi za mnzanga uja.

Tsopano apa mvetserani bwino, makamaka inu abale akumudzi amene mukamva galu mumaganiza za mlonda. Uyu si mlonda. Husky amakonda munthu aliyense, wakuba akalowa amulandira ndi mchira, mwina kumusonyezanso pomwe pali TV. Matalala anthu amamuopa chifukwa cha maso ndi nkhope yangati ya nkhandwe, koma tsiku lina munthu wodzakonza magetsi analowa geti ndisakudziwa, ndinawapeza galu wagona chagada akukandidwa pamimba. Ndipo chinanso, galu wokongola chonchi ndi amene amabedwa. Ngati mukufuna chitetezo gulani alamu. Kumumanga pa tcheni masana onse kuti akhale wolusa monga timachitira ndi agalu ena, kwa uyu ndi kumupengetsa basi, alira tsiku lonse, adzitafuna mapazi, ndipo tsiku lomwe adzadule tcheniyo simudzamuonanso.

Mpanda ukhale wosachepera mamita 1.8, pasakhale mulu wa njerwa, bini kapena tebulo pafupi poti nkukwerapo, ndipo pansi pake thirani simenti kapena kwirirani waya, chifukwa akalephera pamwamba amayesa pansi. Geti ikhale yokhoma, osati kachitsulo kongokankha. Nkhuku, abakha, akalulu, mphaka wa aneba, zonsezo kwa iye ndi nyama. Ndinapita naye kwa achimwene ena ku puloti kunja kwa tauni, ndinangomumasula lamba kuti ndimwe madzi, ndisanatsitse kapu nkhuku ziwiri zinali zitagona kale nthenga zili mbwee, ndinalipira ndipo mpaka lero alamu anga akandiona amayamba kufunsa ngati "chilombo chija" ndabwera nacho. Mphaka amene wakula naye limodzi kuyambira ali wamng'ono amatha kugwirizana, koma ine sindingawasiye awiriwiri.

Kuthamanga, ndi nkhani ya kutentha

Galu wamkulu amafuna ola limodzi mpaka awiri tsiku lililonse, ndipo sindikunena zoyenda mwaulemu ngati mukuperekeza apongozi, azithamanga ndithu. Ine ndimadzuka 5 koloko, timathamanga mphindi 40 ndisanapite kuntchito, madzulo dzuwa likapepa timayendanso. Tsiku lomwe ndachita ulesi ndimadziwiratu kuti ndikapeza nsapato kapena pilo atamwalira. Kagalu kakang'ono musakathamangitse mtunda wautali, mafupa ake amakhala asanakhwime mpaka chaka chimodzi kapena chaka ndi theka, kazingosewera ndi kuyenda pang'onopang'ono kangapo patsiku.

Koma miyendo yokha sikwanira, mbali ya poodle ija imafuna mutu utope. Chakudya cham'mawa sindimuikira m'mbale, ndimachimwaza pa kapinga azifufuza ndi mphuno, kapena ndimachikulunga mu thaulo lakale nkumanga mfundo. Mphindi 15 za kununkhiza zimamugonetsa kuposa kuyenda kwa theka la ola.

Za kutentha ndiye musaseweretse. Galu satuluka thukuta thupi lonse ngati ife, amadziziziritsa ndi kupuma wefuwefu lilime lili panja, nde wovala jekete ya ku Siberia amavutika msanga. Thupi la galu limakhala pa madigiri 38 mpaka 39, likafika 41 ndi ngozi yoti akhoza kufa tsiku lomwelo. Kuno ku Johannesburg tili pamwamba, mamita pafupifupi 1,750, usiku kumazizira ndipo June ndi July ndi miyezi yomwe Matalala amasangalala ngati wabwerera kwawo, amagona panja pa kapinga wa chisanu dala. Koma amene munandifunsa muli ku Nsanje, Chikwawa, Salima kapena Mangochi, ndikuuzeni chilungamo, October wa kumeneko ndi chilango kwa galu ameneyu pokhapokha ngati muli ndi chipinda chozizira chomwe magetsi ake sathima. Ku Dedza kapena ku Mzuzu bola. Kulikonse komwe muli, kuyenda kukhale m'mamawa ndi madzulo, madzi akumwa asamathe, pakhale mthunzi ndi simenti yozizira yogonapo. Musanamuyendetse pa phula ikanipo kuseri kwa dzanja lanu masekondi 7, mukalephera kupirira ndiye kuti mapazi ake apsa. M'galimoto yoima musamusiye olo mphindi zisanu, olo mutatsitsako magalasi. Mukaona dovu likuchucha kwambiri, nkhama zafiira psuu, akudzandira kapena kusanza, muthireni madzi ozizira thupi lonse pompo, mumuike pa fani, kenako thamangani naye kwa a vetenale, osadikira kuti tione mawa.

Ubweya, pomwe ambiri amagonjera

Apa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni ndipo palibe wogulitsa amene angakuuzeni. Husky ali ndi ubweya wa mitundu iwiri, wapamwamba wolimba ndi wam'kati wofewa ngati thonje, wam'katiwo umathothoka wonse kawiri pachaka. Poodle ubweya wake umangokula osaleka ngati tsitsi la munthu, wothothoka umakodwa momwemo. Nde mwana wa awiriwa akatengera zonse, thonje la husky limathothoka nkukodwa m'mapotopoto a poodle, pakatha sabata ziwiri osapesa mumapeza madiredi ogwira pakhungu. Pamwamba amaoneka bwinobwino, chikomekome cha mkuyu, mukalowetsa chala ndi pomwe mumapeza chimfundo cha ubweya cholimba ngati kapeti. Zimenezo zimakoka khungu, zimapweteka, zimasunga chinyezi, pansi pake pamabuka zilonda, utitiri ndi nkhupakupa zimabisala momwemo.

Gulani zinthu ziwiri: burashi ya timawaya tating'ono ija amati slicker, ndi chipeso chachitsulo. Kapesedwe kake si kongosisita pamwamba. Mumugoneke cham'mbali, yambirani kumwendo, ndi dzanja limodzi kwezani ubweya m'mwamba mpaka khungu lioneke ngati mzere wa poluka tsitsi, pesani kachigawo ka m'munsi mwa mzerewo ndi burashi, sunthani pang'ono, tsegulani mzere wina, choncho mpaka kumsana. Mukamaliza dutsitsani chipeso chachitsulo kuyambira pakhungu, chikakodwa ndiye kuti simunamalize. Malo ovuta ndi kuseri kwa makutu, m'khwapa, pansi pa lamba wa m'khosi, pakati pa ntchafu ndi kumchira. Ine ndimapesa katatu kapena kanayi pasabata, mphindi 20, ndikuonera mpira, koma nthawi yothothoka cha mu September ndi tsiku lililonse ndipo ubweya wotuluka umadzadza jumbo. Ndimaupeza mu tiyi, pa yunifolomu, ngakhale mu nsima.

Tikapita kutchire ndiye chisoso. Tinjere take takuda tija timamatirira m'miyendo ndi pamimba mazanamazana, mukatisiya usiku umodzi timamanga mfundo, nde ndimachotsa tisanalowe m'nyumba. Mfundo yaing'ono igwireni kutsinde ndi zala kuti isakoke khungu, muziimasula kuyambira kunsonga. Yaikulu yogwira pakhungu musaidule ndi sizasi, khungu la galu ndi lopyapyala ndipo limakwera m'mfundomo, mumudula. Imeneyo ndi ya mashini.

Lamulo lina lomwe ndinaphunzira mochedwa: musamusambitse musanamupese. Madzi amalimbitsa mfundo ngati juzi yaubweya yochapidwa ndi madzi otentha. Kusamba kamodzi pa mwezi kapena iwiri nkokwanira, ndi shampu ya agalu, osati sopo wochapira zovala, ndipo aume mpaka m'kati. Zogonera zake musayanike pansi ndipo asamagone pa dothi lonyowa ndi mikodzo, chifukwa ntchentche za mphutsi zija zimaikira mazira pamenepo nthawi ya mvula, ndipo mu ubweya wochuluka chonchi mumadzazindikira zithupsa zitakula kale.

Nanga kumeta? Zitengera ubweya womwe watengera. Wa mapotopoto ngati poodle amafunika kumetedwa pa masabata 6 mpaka 8 aliwonse kwa ometa agalu, ikani zimenezo pa bajeti. Wa ubweya wa husky musamumete mpala poganiza kuti mukumuthandiza kutentha, ubweya wapamwambawo ndi umene umatchinga dzuwa, mukauchotsa khungu limapsa ndipo nthawi zina umameranso moipa. Chofunika nkuchotsa thonje lam'kati kuti mphepo izidutsa. Makutu akugwa aja muziwanunkhiza sabata iliyonse, akayamba fungo, kufiira kapena galu akamapukusa mutu, apite akaonedwe, musalowetsemo kamtengo ka thonje. Zikhadabo zikamalira pa matailosi zakula. Zonsezi muzolowetseni ali kamwana, kumugwira mapazi, makutu, kukamwa, tsiku lililonse ndi kanyama m'manja, apo ayi mudzalimbana ndi galu wa makilogalamu 24 amene sakufuna.

Chakudya

Nsima ndi msuzi wotsala si chakudya cha galu ameneyu. Kupatula kuti mulibe zomanga thupi zokwanira, husky ali ndi vuto lake lake la kuperewera kwa zinc, ndipo chimanga kapena gaga wambiri amatsekereza zinc kulowa m'thupi, nde mumaona nkhanambo kuzungulira maso, pakamwa ndi m'makutu. Gulani chakudya cha agalu cham'matumba chomwe pa mndandanda wa zosakaniza nyama ili poyamba, mukhoza kuonjezera dzira lophika, usipa wopanda mchere, dzungu kapena karoti. Kagalu kadye katatu kapena kanayi patsiku chakudya cha ana agalu, wamkulu kawiri. Posintha mtundu wa chakudya sakanizani chakale ndi chatsopano kwa sabata, mukasintha kamodzinkamodzi mukolopa.

Musadabwe akamadya pang'ono kapena kudumphitsa chakudya, ndi khalidwe la husky limenelo. Ikani mbale, pakatha mphindi 15 chotsani, musayambe kumunyengerera ndi soseji chifukwa mutu wa poodle uja ugwira msanga kuti kukana kumalipira. Muyezo wake ndi nthiti, muzizimva ndi zala mosavuta pansi pa ubweya. Asathamange atangodya kumene, dikirani ola limodzi kapena kuposa, agalu a chifuwa chakuya ngati standard poodle mimba imatha kudzadza mpweya nkupotokola. Mukaona mimba yatupa ngati ng'oma, akuyesa kusanza koma osatuluka kanthu, akusowa pokhala, imeneyo ndi ya opaleshoni usiku womwewo.

Zosayenera kulawa: chokoleti, mphesa ndi zoumba zake, anyezi, adyo, mtedza wa macadamia, chingamu ndi maswiti okhala ndi chotsekemeretsa cha xylitol, mafupa ophika makamaka a nkhuku chifukwa amasweka ngati singano. Mankhwala a makoswe bisani kutali. Ndipo chonde, Panado ndi brufen wanu musamupatse galu akamatsimphina, mukhoza kumuphera chiwindi kapena impso.

Kwa a vetenale

Katemera woyamba ndi pa masabata 6 mpaka 8, kubwereza pakatha masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka afike masabata 16, ameneyu ndi woteteza ku parvo, distemper ndi ena. Parvo ndi uja kagalu kamatsegula m'mimba zamagazi ndi kusanza, kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, nde kasanamalize katemera musakatsitse pansi kumalo komwe agalu ambiri amadutsa. Wa chiwewe ndi pa miyezi 3, ndipo kuno ku South Africa ndi lamulo, kenako kubwereza monga khadi ikunenera. Inu a ku Blantyre muli ndi bungwe losamalira zinyama la BSPCA komanso makampeni obaya agalu katemera wa chiwewe a Mission Rabies omwe anayamba mu 2015, a ku Lilongwe bungwe lotere la LSPCA lilipo. Mankhwala a njoka zam'mimba kagalu kazimwa pafupipafupi, wamkulu pa miyezi itatu iliyonse.

Nkhupakupa ndiye mdani wamkulu kumbali yathu ino. Zimapatsira matenda omwe kuno amati biliary, amaswa magazi. Galu amangofooka, kukana kudya, mukakweza mlomo nkhama zayera mbee kapena zachikasu, mkodzo wofiirira ngati tiyi wopanda mkaka. Matalala anadwalapo chaka chachiwiri nditadumphitsa mankhwala mwezi umodzi wokha, ndinazindikira chifukwa m'mawa ndinagwedeza lamba iye osadzuka, chinthu chomwe sichinachitikepo. Anachira chifukwa tinapita tsiku lomwelo. Mu ubweya wotere nkhupakupa simungaione ndi maso, nde ine ndimadalira mapiritsi, Bravecto amagwira masabata 12, NexGard mwezi umodzi, ndipo tsiku lake ndinaika alamu pa foni.

Matenda a kumtundu omwe muyenera kumayang'anira ndi chiuno chosagwirana bwino, ng'ala ndi kufa kwa maso pang'onopang'ono, khunyu, komanso kumbali ya standard poodle kuli matenda a Addison omwe galu amangofookafooka ndi kusanza mosadziwika bwino. Kusakaniza mitundu sikufafaniza zimenezi. Za kufula kapena kutseketsa kambiranani ndi a vetenale nthawi yake yabwino, ambiri pa agalu akuluakulu amati mafupa ayambe akhwima. Akasamalidwa amakhala zaka 12 kapena kuposerapo, werengerani nokha kuti nthawi imeneyo mudzakhala muli kuti, nyumba ya lendi yanji.

Kuphunzitsa

Ndodo siigwira. Mukamumenya amangosiya kukukhulupirirani ndipo tsiku lomwe wathawa sabwera mukamuitana. Chomwe chimagwira ndi malipiro, tizidutswa ta chiwindi chophika m'thumba, mphindi 5 zokha kawiri kapena katatu patsiku, mukatalikitsa amatopa nazo nkuchokapo. Wanga ndinamuphunzitsa m'Chichewa, khala, gona, bwera, siya, tiye, nde ku paki azungu amadabwa galu osawamvera, amafunsa kuti mawu ake ndi ati. Onse am'nyumba agwiritse mawu amodzimodzi, ndipo choletsedwa chikhale choletsedwa kwa aliyense, osati bambo akukaniza pa sofa mayi akuitanira.

"Bwera" ndi mawu ofunika kuposa onse, komanso ndi omwe sindimawakhulupirira mpaka lero. M'yadi amabwera kakhumi pa kakhumi, koma akaona kalulu kapena mbalame makutu amatseka. Nde kunja kopanda mpanda sindimumasula, ndili ndi chingwe chachitali cha mamita 10. Akabwera olo atachedwa bwanji muyamikeni, mukamukalipira waphunzira kuti kubwera kumabweretsa mavuto. Akathawa musamuthamangitse, kwa iye ndi masewera ndipo simungamupeze, thawirani kwina mukumuitana mosangalala, nthawi zambiri amatembenuka. Za kukoka lamba, kumbukirani kuti makolo ake ntchito yawo inali kukoka, nde akangokoka imani ngati mtengo, lamba akakhwepa yendani. Sabata zoyamba mufika pa kona pakatha theka la ola, pirirani.

Kagalu kasanakwane masabata 14 kaone zinthu zambiri, ana, anthu a zipewa, njinga, galimoto, phokoso la mashini ometera, mukhoza kukanyamula m'manja ngati katemera sanathe. Za chimbudzi katulutseni kakangodzuka, kakangodya ndi kakamaliza kusewera, malo amodzimodzi.

Kukhala yekha ndi vuto lina lalikulu, mitundu iwiri yonse imakonda gulu. Husky sauwa kwambiri koma amalira mokoka usiku kapena masana, kulira kuja kwathu ena amati galu waona afiti, ndipo landilodi wanga anandipatsapo chenjezo chifukwa cha zimenezi. Yambani kumusiya mphindi 5, kenako 15, kenako ola, mukuchoka mwakachetechete opanda kutsanzika ngati mukupita ku Joni, mutamusiyira chotafuna. Ngati mumachoka 6 m'mawa kubwera 8 usiku ndipo pakhomo sipatsala munthu, pezani woti azidzamuyendetsa masana, apo ayi dikirani kaye moyo usinthe. Mabingu a chilimwe kuno ndi makombola a pa New Year amamuopsa, agalu ambiri amasowa usiku umenewo, nde ndimamulowetsa m'nyumba msanga, kutseka makatani, wailesi mokweza.

Chomaliza chomwe sindinachiganizire konse pomutenga ndi December. Ine ndimakwera basi kupita kumudzi masabata atatu, iye sangakwere nawo, ndipo amene amamusirira pa status aja mukawapempha kuti amusunge onse amakhala ndi zifukwa. Malo osungitsa agalu amadzadza msanga nyengo imeneyo, ine ndimabukitsa mu September, amafuna khadi ya katemera yosadumpha kuphatikizapo wa chifuwa cha agalu uja amati kennel cough, ndipo ndimawasiyira chakudya chake, burashi yake ndi malaya anga akale osachapa oti azigonera. Chaka chatha ndinaiwala kuwauza za zitseko, tsiku lachiwiri anandiimbira ndili pa Mwanza kuti amupeza mu ofesi yawo atagona pansi pa fani.